Mafunso a Owerenga: Mabuku Akale ndi Alembi Ake

Makalata ambiri amene tidalandira mwezi uno akukhudza mabuku akale, makamaka amene anthu amawapeza m'nyumba za makolo awo. Tasankhapo anayi.

FUNSO: A Mkonzi, bambo anga adali mphunzitsi wa sukulu za mishoni ndipo adamwalira chaka chatha. Pokonza m'nyumba mwawo tidapeza bokosi lachitsulo lodzaza ndi mabuku akale a Chinyanja. Muli Baibulo la kalembedwe kachilendo, kabuku ka Nthondo kothothoka chikuto, mabuku a nyimbo ndi timabuku ta sukulu. Munthu wina wa m'tauni akufuna kugula bokosi lonse pa K60,000, ndipo abale anga akuti tigulitse chifukwa mabukuwo angodyedwa ndi chiswe. Ndingadziwe bwanji ngati muli buku lamtengo wapatali? Mayi wa ku Dowa.

YANKHO: Mayi, pepani chifukwa cha imfa ya bambo. Pempho langa loyamba ndi lakuti musagulitse bokosilo lonse pamodzi musanatulutse buku lililonse ndi kulemba dzina lake, mlembi wake, malo amene lidasindikizidwa ndi chaka chake. Munthu amene amagula bokosi lathunthu kawirikawiri amakhala kuti waona buku limodzi kapena awiri amene akuwafunadi, ndipo si kulakwa kumufunsa mwaulemu kuti ndi ati. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa nkhani ya mabuku mawuwa ndi oona kwambiri, chifukwa buku likachoka m'manja mwanu silibwereranso.

Anthu ambiri amaganiza kuti buku likakhala lakale ndiye kuti ndi lamtengo wapatali, koma ukale pawokha sukweza mtengo. Mtengo umakwera pamene makope otsala ali ochepa, pamene pali anthu ambiri olifuna bukulo, ndiponso pamene kope limene muli nalo lili lathunthu. Chitsanzo chodziwika padziko lonse ndi buku la masewero a William Shakespeare limene lidasindikizidwa ku London m'chaka cha 1623, patapita zaka 7 mwini wake atamwalira. Makope ake amene akudziwika kuti alipo lero ndi pafupifupi 235, ndipo limodzi lidagulitsidwa pa okushoni ku New York mu Okutobala 2020 pa mtengo wotsala pang'ono kukwana madola 10 miliyoni. Alipo mabuku ambiri akale kuposa limeneli amene amagulidwa pa ndalama zochepa. Limeneli lidakwera chifukwa masewero 18 a mlembiyu adaonekera koyamba m'bukuli, moti likadapanda kusindikizidwa mwina akadatayika, ndipo malaibulale a dziko lonse amalilimbirana.

Ndikuuzeni zoona kuti m'bokosi la bambo simupezeka chuma chotere. Ofuna mabuku akale a Chinyanja ndi ochepa: malaibulale a mayunivesite, akatswiri a mbiri ndi a zilankhulo, ndi anthu owerengeka amene amawasonkhanitsa chifukwa chowakonda. Komabe mabuku athu ambiri ndi osowadi, ena mwa iwo osowa kuposa mabuku otchuka a ku Ulaya. Ankasindikizidwa ochepa, pa pepala lotsika mtengo, ndipo kope limodzi linkayenda mudzi wonse mpaka kutha ngati nsanza. Amene adapulumuka m'manja mwa owerenga adakumana ndi chiswe, madenga odontha, ndiponso anthu ofuna pepala lokulungira zitumbuwa kapena lopichira fodya. N'chifukwa chake kabuku ka sukulu kamene abale anu akukaona ngati chinyalala kangathe kukhala kamodzi mwa timakope tochepa totsala.

Tiyambe ndi Baibulo, popeza ndilo limene anthu amaliyembekezera kwambiri. Buku Lopatulika lathunthu lidatuluka m'chaka cha 1922, ndipo ntchito yomasulira idatsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed mothandizana ndi amishoni ena ndi aphunzitsi a kuno. Kuyambira pamenepo lasindikizidwa kambirimbiri ndiponso mochuluka, kotero Baibulo lakale la m'nyumba nthawi zambiri silikhala losowa, pokhapokha likhale la kusindikiza koyambirira. Koma tsegulani masamba opanda kanthu a kumayambiriro ndi kumapeto. Aphunzitsi a m'badwo wa bambo anu ankalemba pamenepo tsiku la ukwati wawo, mayina a ana ndi masiku amene adabadwa, amene adabatizidwa ndi amene adamwalira ali aang'ono. Ngati zimenezi zilimo, Baibulolo ndi kaundula wa banja lanu, ndipo ine sindingakulangizeni kuligulitsa pa mtengo uliwonse.

Pofuna kudziwa msinkhu wa buku, yang'anani kuseri kwa tsamba limene pali dzina la bukulo. Osindikiza ambiri ankalemba pamenepo chaka cha kusindikiza koyamba ndi zaka zonse zimene lidasindikizidwanso, ndipo chaka chomaliza pa mndandandawo ndicho chaka cha kope lanu. Anthu ambiri amalakwitsa powerenga chaka choyamba chokha. Ngati tsambalo lidang'ambika, bukulo lili ndi zizindikiro zina. Mtengo wolembedwa m'mashiling'i ndi mapeni ukusonyeza kuti lidatuluka kwacha ya Malawi isanayambe m'chaka cha 1971. Dzina la Nyasaland pa keyala ya osindikiza likutibwezera chaka cha 1964 chisanafike. Nambala ya ISBN, imene osindikiza amaika pa buku kuti lizizindikirika, idayamba kufala cha m'ma 1970, choncho buku limene lili nayo si la m'nthawi ya atsamunda, ngakhale nkhani yake ikhale yakale motani.

Kalembedwe kamene mukukatcha kachilendo nakonso ndi mboni. Kwa zaka zambiri mabuku athu ankalemba "c" pamene ife timalemba "ch", ndipo mawu monga "chifukwa" ankaoneka ngati "cifukwa". Mbusa Harry Kambwiri Matecheta, mmodzi mwa abusa oyamba achikuda a mishoni ya Blantyre, adalemba mbiri ya mishoniyo m'kabuku kamene kadatuluka ku Hetherwick Press m'chaka cha 1951, ndipo pa chikuto pake padalembedwa kuti Nkhani za Ciyambi Cace. Chilankhulo chathu chidayamba kutchedwa Chichewa mwalamulo m'chaka cha 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board lidatulutsa malamulo atsopano a kalembedwe m'chaka cha 1973. Chenjezo ndi lakuti ku Zambia akulembabe "c" mpaka lero, ndiponso mabuku ena a mipingo adapitiriza kusindikizidwa m'kalembedwe kakale kwa nthawi yaitali, choncho chizindikiro chimenechi chiyenera kugwirizana ndi zinzake.

Kabuku ka Nthondo ndiko kandichititsa chidwi kwambiri m'kalata yanu. Mlembi wake, Samuel Josiah Ntara, adabadwa m'chaka cha 1905 ndi kumwalira m'chaka cha 1976, ndipo adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, mwina wa m'gulu limodzi ndi aphunzitsi amene adaphunzitsa bambo anu. Nkhaniyi idapata mphotho pa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa umene unkakonzedwa ndi bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures. Idasindikizidwa m'Chinyanja m'chaka cha 1933, ndipo chaka chotsatira idatuluka m'Chingerezi ku London ndi dzina lakuti Man of Africa, itamasuliridwa ndi mmishonale Thomas Cullen Young, mawu otsogolera atalembedwa ndi katswiri wa sayansi Julian Huxley. Taganizani, mphunzitsi wa kumudzi wosakwana zaka 30 adalemba nkhani m'chilankhulo chake, ndipo anthu a kutsidya la nyanja adaiona kuti ndi yoyenera kuwerengedwa. A Ntara adalembanso Mbiri ya Achewa, imene akatswiri a mbiri amaitchulabe, komanso mbiri ya mfumu Msyamboza. Kabuku ka Nthondo kadasindikizidwanso kangapo chifukwa kankawerengedwa m'sukulu, choncho kanu kangathe kukhala ka m'zaka za pambuyo. Ngati zizindikiro zikuloza ku zaka za m'ma 1930, kasungeni bwino ngakhale kalibe chikuto.

Mukamaliza mndandanda, jambulani ndi foni chikuto ndi masamba awiri oyamba a buku lililonse, kenaka mukaonetse anthu odziwa. Ku Zomba kuli ofesi ya National Archives, imene mwalamulo imalandira makope a mabuku osindikizidwa m'dziko muno, ndipo laibulale ya University of Malawi ili ndi chigawo cha mabuku okhudza Malawi. Ku Blantyre, bungwe la Society of Malawi limasunga laibulale yake m'nyumba yakale ya Mandala. Akakuuzani kuti buku lina alibe, mwadziwa kuti muli ndi chinthu chosowa. Kugulitsa si tchimo, ndipo banja likasowa ndalama lili ndi ufulu wotero, koma ndikupemphani kuti buku lotere liyambe lajambulidwa masamba onse ndi kusiyidwa kope kumalo amene ana a sukulu angalipeze. Moto umene udatentha laibulale ya Mzuzu University mu Disembala 2015 udatiphunzitsa kuti ngakhale malo aakulu sangasunge okha chuma chonse cha dziko.

FUNSO: Ndili ndi mabuku akale pafupifupi 40 amene ndakhala ndikugula kwa mavenda a m'mphepete mwa msewu. Ena ayamba kubooka timabowo ndipo ena masamba akuthothoka. Ndayamba kuwamata ndi selotepi, ndipo mnzanga akuti masamba ofunika ndikawachititse lamination. Kodi ndi nzeru? Bambo wa ku Ndirande.

YANKHO: Bambo, ndikupemphani kuti muleke selotepi lero lomwe, ndipo malangizo a mnzanuwo musawatsate. Zomatira za selotepi zimalowa m'pepala, pakapita zaka zimasanduka zofiirira, pulasitiki yake imagwa, ndipo pamatsala chipsera chamafuta chimene sichichoka. Lamination ndiyo yoipa koposa, chifukwa imaphika pepala m'kati mwa pulasitiki ndipo palibe njira yapafupi yolitulutsiramo. Tsamba lothothoka libwezereni pamalo pake osamata, ndipo buku lonselo mulikulunge m'pepala loyera losalembapo ndi kulimanga mosathina ndi kansalu kopyapyala. Pepala la nyuzi musakulungire, popeza lili ndi asidi wambiri amene amasamukira ku buku. Timabuku tambiri ta mishoni tidalumikizidwa ndi timawaya, ndipo timawayato tikachita dzimbiri timadya pepala pakati. Tiwongoleni mosamala ndi kutichotsa, ndipo ngati mukufuna, sokani pomwepo ndi ulusi wa thonje.

Za tizilombo ndilankhule ndi mtima wonse, chifukwa zidandichitikira. Ndidasiya katoni ya mabuku pansi, yotsamira khoma, m'nyumba ina ya lendi kwa nyengo imodzi ya mvula. Pamene ndidaitsegula, mabuku a pamwamba adali bwinobwino, ndipo ndidayamba kuthokoza. Nditanyamula lachitatu, chikuto chokha ndicho chidabwera m'manja mwanga, chopepuka ngati khoko la nyemba. M'kati monse mudali dothi lofiira loumbika ndi tinjira, ndipo chiswe chidangosiya mphepete mwa masamba, pamene padatsala timawu tiwiri kapena titatu pa mzere uliwonse. Limodzi mwa mabukuwo lidali ndi dzina la agogo anga lolembedwa ndi dzanja lawo, ndipo dzinalo lidapita limodzi ndi tsambalo.

Chiswe chimachokera pansi ndi m'khoma, choncho shelefu ikhale yokwera ndipo isagunde khoma. Timabowo tozungulira timene mukutiona ndi ntchito ya mphutsi za tizilombo tofukula, ndipo mukaona ufa watsopano pansi pa buku dziwani kuti zikadali momwemo. Musapopere mankhwala kapena kuthira parafini pa pepala. Ikani buku louma m'jumbo yotseka bwino, muchotsemo mpweya, ndipo muliike mufiriza yozizira kwambiri kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Potulutsa musatsegule jumboyo mpaka tsiku lathunthu litapita, kuti chinyontho chigwere kunja kwa pulasitiki osati pa pepala. Buku limene lanyowa kapena lachita chuku liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, ndipo likauma mupukute chukucho panja ndi kaburashi kofewa mutatseka mphuno. Koposa zonse, muziwatsitsa mabuku anu ndi kuwatsegula kawiri kapena katatu pachaka, makamaka mvula ikamayamba ndi pamene yatha, chifukwa tizilombo timakonda buku limene palibe amene amaligwira.

FUNSO: Ndine wophunzira wa zolembalemba. Sindimvetsa chifukwa chimene munthu angavutikire kufunafuna kusindikiza koyamba kwa buku pamene mawu ake ndi omwewo m'kope latsopano kapena pa intaneti. Kodi kulemekeza mlembi si kuwerenga zimene adalemba basi? Mtsikana wa ku Zomba.

YANKHO: Mwana wanga, mbali yaikulu ya zimene mwanenazi ndi yoona. Munthu amene ali ndi shelefu ya makope osowa koma sadawawerengepo sadalemekeze mlembi aliyense, ndipo wophunzira amene adawerenga kope long'ambika la ku laibulale mpaka kuloweza ndime zake ali patsogolo pake. Ndikadakhala wosankha pakati pa ziwirizi, ndikadasankha kuwerenga.

Koma sindikuvomereza kuti mawu amakhala omwewo nthawi zonse. Buku likamasindikizidwanso, akonzi amasintha kalembedwe, amachotsa mawu amene akuwaona ngati achikale kapena a m'dera limodzi, amafupikitsa kuti likwanire silabasi, ndipo nthawi zina amataya mawu otsogolera amene mlembi adafotokozamo cholinga chake. Pa mabuku a Chichewa nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa kalembedwe kathu kasinthidwa kangapo, ndipo amene akufuna kumva Chinyanja chimene a Ntara kapena a Matecheta ankalankhula ayenera kupita ku makope a m'nthawi yawo. Inu amene mukuphunzira zolembalemba, yesani tsiku lina kuika kope lakale ndi latsopano la buku limodzi pambali ndi pambali, muwerenge tsamba limodzi mzere ndi mzere. Mudzaona nokha pamene padadutsa dzanja la munthu wina.

Chinanso ndi chakuti kope lenilenilo limasunga mbiri imene mawu okha sangaisunge. Ndakatulo za Jack Mapanje zotchedwa Of Chameleons and Gods zidatuluka ku London m'chaka cha 1981 mu mndandanda wa African Writers Series wa kampani ya Heinemann. M'chaka cha 1985 bukuli lidachotsedwa m'masitolo, m'malaibulale ndi m'sukulu za m'dziko muno, ndipo mu Seputembala 1987 mlembi wake, amene adali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College mumzinda wanu womwewo, adamangidwa. Adakhala ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka Meyi 1991. Ndidagwirapo kope la m'nthawi imeneyo limene mwini wake adalikutira ndi pepala la khaki ngati buku la masamu la mwana wa pulayimale, ndipo pamalo olemba dzina pa tsamba loyamba adafufutapo mwamphamvu mpaka pepala kupyapyala. Ndakatulo zake mungathe kuziwerenga kwina kulikonse, koma mantha a munthu amene adafuna kusunga buku popanda kudziwika kuti ndi lake ndidawamvetsa pokhapo nditaona pepala lopyapyalalo. Wosonkhanitsa mabuku wosadziwa akadachotsa khakiyo kuti chikuto chioneke bwino, ndipo akadataya chinthu chofunika kwambiri pa kope limenelo.

Alembi athu ambiri akali moyo, ndipo mabuku awo amasindikizidwa ochepa monga zinkachitikira kale. Gulani kope lenileni pamene lilipo, osati lojambulidwa pa fotokope, ndipo mukakumana ndi mlembi mupempheni alembemo dzina lake, tsiku ndi malo. Ndalama yanuyo imafika kwa iye lero, ndipo kopelo n'kutheka kuti ndilo limene ofufuza adzalisowe zaka 50 zikubwerazi.

FUNSO: Ndidagula mtanthauziramawu wakale wa Chimang'anja umene pa tsamba loyamba palembedwa chaka cha 1892 ndi dzina la David Clement Scott. Pepala lake ndi loyera bwino. Kodi ndi weniweni? Mphunzitsi wa ku Mulanje.

YANKHO: Aphunzitsi, mwagula buku labwino, kaya likhale la chaka chimenecho kaya ayi. Scott, mmishonale wa Church of Scotland amene adamanganso tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre pakati pa 1888 ndi 1891, adasindikiza mtanthauziramawuyu ku Edinburgh m'chaka cha 1892, ndipo pofotokoza mawu adalowetsamo miyambi, miyambo, masewera ndi ntchito za manja za anthu a m'nthawiyo. Mmishonale mnzake Alexander Hetherwick adaukonzanso ndi kuutulutsa m'chaka cha 1929 ndi dzina lotchula Chinyanja m'malo mwa Chimang'anja, ndipo umenewu ndiwo umapezeka kawirikawiri. Wa Scott sudali woyamba, chifukwa m'chaka cha 1877 kudatuluka wa mmishonale Johannes Rebmann, amene adausonkhanitsa pafupi ndi Mombasa kuchokera pakamwa pa Salimini, munthu wa kuno amene adatengedwa ukapolo.

Kuyera kwa pepala kukundipatsa maganizo akuti lanu lingakhale la m'gulu la mabuku akale a zilankhulo za mu Africa amene adajambulidwa tsamba ndi tsamba ndi kusindikizidwanso ku England m'zaka za m'ma 1960, kapena la makope amakono amene amasindikizidwa munthu akaitanitsa pa intaneti. Makope otere amasunga tsamba loyamba monga lidalili, pamodzi ndi chaka cha 1892. Yang'anani kuseri kwa tsambalo ndi kumapeto kwenikweni kwa buku ngati pali dzina la kampani ina, chaka china kapena nambala ya ISBN. Kenaka pendekerani tsamba limodzi pa kuwala kwa pawindo ndi kuliyendetsa chala pang'onopang'ono. Makina akale ankadinda ndi zilembo zachitsulo zimene nthawi zambiri zinkasiya timaenje tosaya m'pepala, pamene tsamba lojambulidwa limakhala losalala ponseponse, ndipo timadontho ta pa kope limene adajambulalo timaoneka takuda ngati inki m'malo mokhala tofiirira. Mukapeza chidindo cha laibulale kapena cha mishoni, musachifufute, koma mutitumizire chithunzi chake pamodzi ndi cha tsamba loyamba kuti tidzakuyankheni motsimikiza m'kope la mwezi wamawa.